ZA KWATHU KU KOMBONI: Bizinesi Imanga Nyumba, Nyumba Isunga Bizinesi



Mwezi uno ndiyamba ndi nkhani ya mnansi wanga wina wa ku Kalingalinga, bambo wa ana asanu, amene nchito yake ndi kuwocherera mageti ndi mafelemu a zitseko. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, makina ake anagona. Anali kudzuka pakati pa usiku, magetsi akabwera, kuti agwireko nchito maola awiri kapena atatu, koma zimenezo sizinathe kudyetsa banja. Tsono anapita kwa munthu wa kaloba, nakongola ndalama zogulira jenereta, nasiya cikalata ca nyumba ngati cikole. Mkazi wake sanamuuze. Itapita miyezi itatu, ngongole ija inali itabala ana ndi adzukulu omwe, ndipo mwini ndalama anayamba kubwera ndi anthu odzaona nyumbayo.

Cimene cinapulumutsa banjali ndi zipinda ziwiri za kumbuyo, zimene maiyo anamanga kale ndi ndalama za cilimba. Anthu a lendi anavomera kulipiriratu miyezi ingapo, amai anzake a m'cilimba anamulola kulandira nthawi yake isanakwane, ndipo cikalata cinabwerera kunyumba. Pondifotokozera, maiyo anati: "Atate, nyumba iyi tinaimanga ndi vitumbuwa ndi mageti. Ikadapita, vitumbuwazo tikadakazingira kuti, nanga magetiwo tikadawocherera pa bwalo la yani?"

Mau amenewa ndakhala ndikuwasinkhasinkha. Akuluakulu a m'maofesi amakamba za nyumba pa msonkhano wina, ndi za mabizinesi ang'onoang'ono pa msonkhano winanso, koma kwa ife a m'komboni ziwirizi n'cinthu cimodzi. Kantemba kali pakhonde, saluni ili m'cipinda ca kutsogolo, nkhuku zili kuseri, kalipentala apala matabwa pansi pa mtengo wa pabwalo. Phindu likapezeka ligula mabuloko makumi awiri ndi thumba la simenti. Cipinda cikatha cibweretsa lendi. Lendi ija igula katundu wa m'kantemba. Umu ndi mmene mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwira, ndipo anthu ambiri a mumzinda uno, pafupifupi 7 mwa 10 alionse, akhala m'malo otere.

Kuti timvetse bwino, tibwerereko m'mbuyo. Pamene Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda anamanga mzinda wa iwo okha. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wodzagwira nchito, woyenera kubwerera kumudzi nchito ikatha. Nyumba za khonsolo, monga za ku Matero zimene zinamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, zinali zocepa, ndipo zinali za anthu olembedwa nchito. Otsala onse anapempha malo pa mafamu ndi pa migodi ya miyala ya azungu, namalipira mwini malo mwezi ndi mwezi. N'cifukwa cake makomboni ena ali ndi maina a anthu: George, John Laing, John Howard. Chawama nayenso kale anali kuchedwa Roberts. Ufulu utabwera mu 1964, anthu anakhamukira mumzinda, ndipo ngakhale mapuloti amene khonsolo inagawa ku Mtendere mu 1967 kuti anthu adzimangire okha sanakwanire. Makolo athu anamanga ndi zidina ndi malata akale, ali ndi mantha kuti tsiku lina akatapila adzabwera kudzagwetsa.

Zinthu zinasintha mu 1974. M'caka cimeneco boma la Dr. Kenneth Kaunda linakhazikitsa lamulo lolola khonsolo kuvomereza komboni ngati malo oyenera kukonzedwa, ndi kupatsa mwini nyumba cilolezo cokhala pamalopo zaka 30, cimene ambiri timacidziwa ndi dzina lakuti Occupancy Licence. M'caka comweco World Bank inakongoza Zambia madola 20 miliyoni okonzera makomboni a Lusaka, ndipo nchito inagwiridwa ku George, ku Chawama, ku Chaisa ndi ku Chipata. Cosangalatsa ndi mmene inayendera. Atsogoleri a m'deralo anali kuyenda pansi pamodzi ndi akatswiri, nagwirizana kumene mseu udzapita. Amene nyumba zao zinali m'njira anapatsidwa mapuloti capafupi. Mipopi ya madzi inaikidwa, umodzi wa nyumba pafupifupi 25, ndipo anthu anakongozedwa simenti ndi malata. Boma silinamangire munthu nyumba. Linangocotsa mantha ndi kubweretsa mseu ndi madzi, anthu eni ake nagwetsa zidina, naika mabuloko. Ku Kalingalinga zotere zinacitika m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la bungwe la ku Germany la GTZ, ndipo kumeneko kunalinso thumba lokongoza anthu a nchito zamanja. Mukaona mipando, mabedi ndi mageti zitandandalikidwa m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, kumbukirani kuti komboni imeneyi inakonzedwa poganizira nyumba ndi nchito pamodzi.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitikonda kuikumbuka. Ambiri mwa amene anakongola simenti ndi malata m'zaka za m'ma 1970 sanabweze, ndipo ndalama za mwezi ndi mwezi za madzi ndi malo sizinali kulipidwa bwino. Zoona, mtengo wa kopa unali utagwa ndipo moyo unali wovuta. Zoonanso, khonsolo nthawi zina inalephera kucotsa zinyalala ndi kukonza mipopi, anthu nati, tilipirirenji? Komabe panalinso mtima wakuti ndalama ya boma ilibe mwini, ndipo andale anaopa kukakamiza anthu owavotera. Zotsatira zake tinaziona: mipopi inauma, miseu inakumbika, ndipo makomboni amene anali kuyembekezera nthawi yao anayembekezera zaka zambiri. Amene sanabweze anadya gawo la mnzake amene anali pambuyo pake pa mzere.

Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Mabanja ambiri a ku Matero, ku Chilenje ndi kwina anakhala eni nyumba pa mtengo wotsika, ndipo anayamika. Koma kucokera pamenepo khonsolo inatsala ilibe nyumba zocititsa lendi. Mnyamata wokwatira lero, mphunzitsi wongoyamba nchito, mai wamasiye wogulitsa ndiwo pa msika, onsewa nyumba ya mtengo wofikirika aipeza kwa ife eni zipinda za kumbuyo. Tisadzicepetse: womanga nyumba za anthu osauka mu Lusaka ndi mai wa cilimba uja.

Tsono lero ndalama zabweranso pafupi ndi ife. Thumba la citukuko la dera la phungu aliyense, CDF, linali K1.6 miliyoni mu 2021. Mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linali K36.1 miliyoni. Gawo lina ndi la makalasi, zipatala, miseu ndi ngalande. Gawo lina ndi lolipirira ana sukulu ndi maphunziro a nchito zamanja. Gawo linanso ndi mphatso ndi ngongole za magulu a amai, acinyamata ndi makopaletivu. Mapempho ayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu. Madandaulo amveka kale akuti ena mwa olandira ngongolezi sabweza, ndi akuti magulu ena amapangidwa usiku umodzi, ndalama zikagawidwa gulu n'kutha. Kodi tidzapunthwanso pa citsa comwe cija cimene cinapunthwitsa makolo athu?

Ndiloleni ndipereke malangizo anga, monga mnzanu wokhala nao m'komboni.

Coyamba ndi cikalata. Ambiri tinagula nyumba ndi kakalata kolembedwa pamanja, kosainidwa ndi wogulitsa ndi mboni ziwiri. Kakalata kotere sikakwanira pa tsiku la mlandu. Lamulo la 1974 linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015, koma cilolezo ca zaka 30 cikalipo. Pitani nokha ku khonsolo, mukafunse ngati dzina lanu ndilo lili m'kaundula, mukaone ngati zaka za cilolezo canu sizinathe, ndipo muzilipira msonkho wa malo ndi kusunga malisiti. Musatume munthu wa pakati. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwamuna ndi mkazi onse adziwe kumene cikalata cisungidwa. Lamulo la 1989 la cuma ca masiye linena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, nyumba ikhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, koma lamulo livutika kuteteza nyumba imene mwini wake sadziwika pa pepala. Ndipo cikalata cimeneci cisapite kwa wa kaloba, ngakhale zinthu zitathina motani.

Caciwiri ndi gulu. Gulu loyenera kupempha ndalama za CDF ndi lija limene linayamba kale kusunga zake: cilimba, banki ya m'mudzi, kapena magulu a SILC amene ambiri tinawadziwira m'maparishi mwathu. Anthu amene azolowera kuwerengera ndalama poyera, kulemba m'buku ndi kulipitsa wocedwa, adziwa kuti ngongole ili ndi mwini. Lembetsani gulu lanu mwalamulo, tsegulani akaunti ku banki, ndipo pemphani cinthu cimene mudziwa kale kucigwiritsa nchito: makina oumbira mabuloko, makina osokera, sola ya pa saluni. Mukalandira, bwezani, pakuti pambuyo panu pali gulu lina la ku Kanyama kapena ku George limene liyembekezera ndalama zomwezo.

Cacitatu ndi ngalande ndi cimbudzi. Ku Kanyama mwala uli pafupi ndi nthaka, madzi a mvula salowa pansi msanga, ndipo zimbudzi zokumba zikasefukira zisakanikirana ndi zitsime. Kolera ya 2017 ndi 2018 inatseketsa misika ndi kucotsa ogulitsa m'miseu. Ya 2023 ndi 2024 inasandutsa bwalo la Heroes kukhala cipatala. Tinalira abale athu, ndipo otsala anataya mpamba wao wonse. Conco pamene komiti ya m'wadi iitana msonkhano wosankha nchito, musanene kuti ndili ku kantemba. Ngalande ndi mpopi ndizo zisunga kantembako. Nanunso eni nyumba, musanawonjezere cipinda cacisanu, yambani mwaona ngati cimbudzi cimodzi cija cikwanira mabanja onse. Wa lendi ndi munthu ngati inu. Musamukwezere lendi pakati pa mwezi, pakuti mwina ndiye adzakulipiriranitu tsiku limene wa kaloba adzagogoda pakhomo.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Boma liyenera kusenza mbali yake: miseu, madzi, magetsi odalirika, ndi zikalata zotuluka msanga popanda ciphuphu. Tili ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu kuti ndalama za caka catha zinagwira nchito yanji. Koma pofunsapo tikhale titabweza zathu.

Mnansi wanga uja akali kuwocherera. Jenereta anagulitsa, ndipo tsopano Loweruka lililonse amapereka kangacepe ku gulu la amisiri anzake. Cikalata ca nyumba cisungidwa ndi mai, m'sutukesi ya pansi pa bedi.

Tsalani bwino, tidzacezanso mwezi wa mawa.