Mbale ya mlendo ndi munda umene njovu zadya

Mlendo akabwerako ku nkhalango za kwathu amasimba ziwiri: nyama zimene waona ndi chakudya chimene wadya. Za nyama sanama. Ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, njovu zimadutsadi m'kati mwa nyumba yolandirira alendo mwezi wa Novembala, kulondola matondo akupsa kuseri kwake. Ku Majete, kumene mikango idaatheratu, idabwezeretsedwa mu 2012, ndipo lero ikubangulanso m'mbali mwa Shire.

Koma akati "ndinadya chakudya cha ku Africa," ine ndimafunsa: analima ndani?

Funsoli ndinaliphunzira kuno ku Epping, pamsika waukulu wa ndiwo zamasamba ndi zipatso wa mzinda wa Cape Town. Malole amatsitsa katundu kusanache, ogulira mahotela ndi malo odyera nadzasankha. Munthu ukakhalitsa pano umazindikira kuti mbale iliyonse ili ndi njira imene yadzera, ndipo ndalama imabwerera m'mbuyo potsata njira yomweyo. Ngati tomato wa mlendo wa ku Liwonde wachokera m'sitolo ya ku Blantyre, ndalama yake yawadumpha anthu amene amagona pamsasa kulondera chimanga.

Anthu amenewa ndiwo akusenza mtolo. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Dziko lidaomba m'manja. Koma alimi a m'malire, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akulira minda yophwasulidwa, nkhokwe zogumulidwa, ngakhalenso maliro. Njovu sidziwa malire, monganso chinenero chathu. Munthu amene njovu yamulanda chakudya cha chaka chonse mudzamuuza chiyani kuti asatchere msampha?

Mpanda ndi wofunika, sindikana. Koma msika nawonso ndi mpanda. Alipo eni malo ogona alendo amene amagula kale m'madimba a pafupi, ndipo ayamikike. Enawo achite manyazi. Mlendo apatsidwe nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, chisoso, therere, mpunga wa Kilombero ndi thobwa, chilichonse chitchulidwe dzina lake lenileni, osati kuchiika pakona ngati chodabwitsa cha usiku umodzi pamene gule akuvinidwa.

Ena adzati mzungu sangadye zimenezi, ndiponso mlimi wa kumudzi sakwaniritsa katundu pa nthawi yake. Choyambacho ndi kudzinyoza chabe. Munthu wowoloka nyanja kudzaona mvuu sangathawe bonongwe. (Mbewa ndi ngumbi tingazisiye kaye, tisamuthamangitse tsiku loyamba.) Chachiwiricho chili ndi mankhwala ake: mlimi akauzidwa mvula isanagwe kuti kabichi wakuti adzagulidwa pamtengo wakuti, amadzuka mbandakucha kukathirira.

Tsono inu abale a ku Chipata, Lundazi, Kasungu ndi Tete amene mumatsogolera alendo kapena kuwaphikira, mlendo akadzayamika ndiwo, mumuuze mudzi umene zachokera. Ngati palibe mudzi woutchula, bwana wanu amve zimenezo pamaso pa mlendoyo.