Biology ndi Geography pa foni: kodi ana athu akuphunziradi?

Makolo ambiri m'mipingo yathu akufunsa ngati mwana wa Grade 12 angakonzekere mayeso a Biology ndi Geography pa foni cabe. Funsoli silacilendo. Mu March 2020 masukulu anatsekedwa cifukwa ca COVID-19, ndipo mu 2024 kolera inacedwetsa kutsegulira mpaka pa 12 February. Nthawi zonse ziwiri tinauzana kuti ana aziwerengera kunyumba.

Tivomereze, intaneti ili ndi ubwino wake. Mwana amene sukulu yake ilibe microscope angaone pa vidiyo mmene mtima umapopera magazi, n'kubwereza kasanu popanda womukalipira. Mapepala a mayeso akale amafikanso pa WhatsApp.

Koma Biology ya ECZ ili ndi mbali ya practical. Mwana amapatsidwa cakudya kuti ayese yekha: adonthezere iodine aone ngati cisanduka blue-black, atenthe Benedict's solution aone ngati ifiira ngati njerwa. Amene anangoonerera pa foni amadziwa yankho, koma manja amanjenjemera, madontho amacuruka, nthawi n'kutha. Aphunzitsi akakhala pambali amaona colakwaco cisanazolowereke. Foni siona dzanja la mwana.

Geography nayo imafuna mapazi. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba n'kufa. Phunziro la nthaka ndi madzi lili pakhomo pathu, ndipo mwana amalimvetsa akaima pa mtsinje kapena pa cigwembe cokumbika ndi mvula, ali ndi kope m'manja.

Palinso za mtengo. Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, nyumba zambiri zinkakhala zopanda malaiti pafupifupi tsiku lonse. Nanga foni imodzi ya amayi, imene amapita nayo kumsika, ingaphunzitse ana atatu? Maphunziro aulere a mu 2022 anadzaza makalasi, inde, koma kalasi yodzaza silipiritsa bando.

Ife tikuona kuti foni ikhale yobwerezera madzulo, kalasi ikhale malo ophunzirira. Tikupempha akulu a mipingo imene ili ndi sola kuti atsegule maholo Loweruka masana, ndipo aphunzitsi a sayansi amene ali pakati pathu, ngakhale opuma pa nchito, alembetse maina kwa alembi a mpingo wao.