Misewu ya ku Tete Yaona Zambiri

Abale anga a ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè, ambiri a inu mumapita ku Tete kukagulitsa mbatata ndi nyemba. Mukaoloka mlatho wa Samora Machel mumangothamangira kumsika, osadziwa kuti misewu yakale ya m'mbali mwa Zambezi yaona zambiri.

Apwitikizi adafika pa Tete cha m'ma 1530 ndipo adapezapo kale amalonda achiswahili. Linga la São Tiago Maior likadalipo mpaka lero. Pafupi ndi lingalo ndi pamene minyanga ndi akapolo ankakwezedwa m'mabwato kutsikira ku Quelimane. Enatu mwa akapolowo anali ochokera kuno kwathu.

Akuluakulu a Chinyungwe amati mfumu ikafa, mzimu wake umalowa mu mkango wotchedwa mphondolo, ndipo mkangowo suphedwa. Achinyamata amaseka. Koma David Livingstone, amene adafika pa Tete mu 1856, adalemba za munthu wina wa m'mbali mwa Zambezi amene ankati amasanduka mkango, anthu nkumamuopa. Chikhulupiriro chimenechi si cha dzulo ai.

Nanga dzina la Bonga? Ameneyu si wa m'nthano chabe. Anali António Vicente da Cruz, mwini linga la Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi. Pakati pa 1867 ndi 1869 adagonjetsa asilikali a Apwitikizi kangapo, ndipo mitu ya adani ankaizika pa mitengo ya linga lake. Adaphanso anyamata 6 mwa Amakololo amene Livingstone adawasiya pa Tete. Amakololo ena, monga Kasisi ndi Chipatula, adakakhala mafumu ku chigwa cha Shire m'dziko la Malawi.

Mwaona tsono kuti nthano ndi mbiri zimayendera limodzi. Vuto ndi lakuti nkhondo imene idatha mu 1992 idatibalalitsa. Ana ambiri adakulira ku misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi Ntcheu, kutali ndi bwalo la agogo awo, ndipo lero iwowo ndiwo makolo. Adzawauza chiyani ana awo?

Nkhalamba ikamwalira imapita nazo nkhani zake. Ngati pamudzi panu pali gogo amene adayendako ku Tete nthawi ya atsamunda, khalani naye pansi madzulo ano, mumufunse, mwana wasukulu alembe m'kope. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera kwa amene adawamva.