Magetsi a pabwalo la mpira aziunika pansi

Kafukufuku wa 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi sauonanso Mlalang'amba chifukwa cha kuwala kwa magetsi. Mabwalo a zamasewero nawonso ali ndi mlandu. Nyali zawo zamphamvu zimamwaza kuwala kumwamba ndi m'mawindo a oyandikana nawo, n'kumasokoneza mbalame zouluka usiku komanso tulo ta anthu.

Kuyeza kuwala kotayikaku n'kovuta. Setilaiti ya Suomi NPP imajambula dera cha m'ma 1:30 usiku, mpira utatha kalekale, magetsi atazimitsidwa. Kamera yakenso siona bwino kuwala kwa buluu kwa nyali za LED. Koma drone yonyamula chipangizo choyezera kuwala imauluka pamwamba pa bwalo magetsi ali chiyakire, n'kusonyeza nyali yeniyeni imene yapendekeka.

Ine ndikuti bwalo latsopano lisamalandiridwe kwa omanga lisanayezedwe chonchi. Sindikudana ndi mpira wausiku ayi. Kungoti kuwala kopita kumitambo sikuthandiza goloboyi, chonsecho bilu yake imalipidwa. Oulutsa ma drone tili nawo: sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuwaphunzitsa ku Lilongwe mu 2020.