PAKHONDE: Madzi a munthu, madzi a nsomba



Bambo wina wa kufupi ndi Furancungo anandipeza ku wailesi nkhope ili khuma. Anagula tiana ta chambo toti akaike m'damu lake latsopano. Pofuna kutisamala, anathira Certeza m'ndowa yotinyamulira. Pofika kumudzi, tonse tinali titayandama chagada.

Bamboyo sanapuse ayi. Anatsata zimene ife eni timalengeza tsiku ndi tsiku. Kolera amene anavuta m'chigawo chathu cha Tete mu 2023 anatiphunzitsa kuti madzi akumwa tiziwaphitsa, kapena kuthiramo Certeza n'kudikira mphindi 30. Koma klorini amene amapha tizilombo m'madzimo amawotchanso ziwalo zimene nsomba imapumira. Madzi a pampopi a m'tauni nawonso amakhala ndi mankhwala omwewo.

Tsono ponyamula mbewu ya nsomba, tungani madzi m'damu momwe mwaigulamo. Mukafika, musakhuthule msanga. Onjezani madzi a m'damu lanu pang'onopang'ono kuti tinsombato tizolowere kuzizira kwake.

Inu olima kachewere ndi fodya, musatsukire mpope wa mankhwala mumtsinje wodzaza damu la mnzanu.

Chomaliza: madzi obiriwira a m'damu ndi chakudya cha nsomba, koma mwana asamwe. Ndowa zikhale ziwiri, ya pakhomo payokha, ya kudamu payokha.

Tikumane sabata yamawa.