"Nangotumiza chabe" ndi mawu amene apha anthu

M'magulu a WhatsApp a kuno ku Chifubu muli mawu amodzi amene afunika kutha: "Ine nangotumiza chabe." Munthu aponya chithunzi cha mnyamata wina ati ndi kawalala, kapena voisi noti yakuti pali galimoto yakuda imene ikuba ana ku Kawama. Zikadziwika kuti linali bodza, iye ati sichinali chake, anangopatsira anzake. Iyayi anzanga. Wosunga katundu wakuba nayenso amagona m'selo.

Amene tikhala ku Copperbelt sitifunika kuuzidwa kumene mphekesera zimafikitsa anthu. Nkhani ya gassing inayambira ku Chingola chakumapeto kwa 2019, ndipo pofika February 2020 inali itafika ku Kitwe, ku Ndola, ku Lusaka ndi m'zigawo zina. Anthu anali kuchezera panja usiku wonse, ndodo m'manja, foni ikulira mphindi iliyonse ndi uthenga wakuti "afika m'komboni yathu." Anthu osachepera 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, popanda khoti, popanda umboni. Mu April 2016 ku Lusaka, mphekesera yakuti a ku Rwanda ndiwo anali kupha anthu kuti atenge ziwalo inapangitsa kuti mashopu awo ambiri aphwanyidwe. Anthu awiri anatenthedwa amoyo ku Kanyama, ndipo onse awiri anali a Zambia. Aliyense amene anafalitsa nkhani zija anaponyako nkhuni pamoto umenewo, ngakhale sanagwire machesi.

Manje ena akamva izi amathamangira kukamba kuti boma limange aliyense wonama pa intaneti. Apa ndipo ndisiyana nawo. Dziko lino linali nalo kale lamulo lotere, Section 67 ya Penal Code, yoletsa kufalitsa "nkhani zabodza." Amene linawagwira anali ndani? McDonald Chipenzi ndi atolankhani a nyuzipepala ya Daily Nation, chifukwa cha nkhani yokamba za kulemba nchito apolisi mwachinsinsi. Mu December 2014 High Court inagamula kuti lamulolo likutsutsana ndi Constitution, ndipo linafa. Pa 12 August 2021, tsiku lovota, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa, mpaka a Chapter One Foundation anatengera ZICTA kukhoti. Lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act la 2021 linasainidwa ndi a Edgar Lungu, ndipo a Hakainde Hichilema analitsutsa ali kotsutsa boma. Mu April 2025 iwo omwe anasaina malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo bungwe loyang'anira chitetezo cha pa intaneti analiika pansi pa ofesi ya Pulezidenti. Bungwe la maloya la LAZ linadandaula kuti malamulowa angathe kupondereza ufulu wa kukamba. Kaya mumavala zobiriwira kapena zofiira, onani bwino: chipani chilichonse chimadana ndi chikwapu chikakhala panja, chikalowa m'boma chimachisunga. Amene ali pampando sangakhale woweruza wa chimene chili choona pa nkhani zokhudza iye mwini.

Sindikuti lamulo lilibe nchito. Mu April 2024 a DEC pamodzi ndi apolisi ndi mabungwe ena anagwira anthu 77 pa kampani ya Golden Top Support Services ku Roma, ku Lusaka. Anapeza masimu khadi oposa 13,000. Achinyamata a Zambia anali kulembedwa nchito yonamiza anthu pa WhatsApp ndi Telegram, ndipo mu June chaka chomwecho nzika 22 za ku China zinaweruzidwa kukhala m'ndende zaka 7 mpaka 11. Apo pali wobedwa, pali ndalama, pali umboni, ndipo khoti ndilo linagamula. Lamulo lithamangitse otere, pamodzi ndi aja otumiza uthenga wakuti "tumizani ndalama pa nambala iyi." Lisiye mayi wa pamsika amene akudandaula za mtengo wa unga ndi kuzima kwa malaiti.

Musadalirenso eni a mapulatifomu. Mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa kotero kuti kampaniyo siwawerenga. Chimene inachita ndi kuchepetsa chabe: uthenga wotumizidwa kambirimbiri umapita ku gulu limodzi pa nthawi imodzi. Mu January 2025 Meta inalengeza kuti ileka kugwira nchito ndi ofufuza nkhani ku America komwe. Ndiye muganiza kuti ku California kuli munthu amene akumvetsera voisi noti ya Chibemba chosakaniza ndi Chinyanja yochokera ku Pamodzi?

Ife a pawailesi sitiulutsa ngakhale uthenga wa maliro tisanatsimikize ndi wachibale, chifukwa IBA ingatilande laisensi. Gulu limodzi la WhatsApp lingakhale ndi anthu 1,024, koma admin wake alibe amene amamufunsa. Choncho malamulo tiyenera kuwapanga tokha, ndipo sali ovuta. Wotumiza nkhani anene kumene yachokera. "Akuti" si gwero. Chithunzi kapena dzina la munthu woganiziridwa mlandu lisaponyedwe m'gulu, nkhaniyo ipite kupolisi. Amene wapezeka kuti anafalitsa bodza akonze yekha m'gulu lomwelo, poyera, osangofufuta mwakachetechete. Akabwereza kachiwiri achenjezedwe, kachitatu achotsedwe, kaya ndi mkulu wa mpingo kapena tcheyamani wa chipani. Nambala yopempha ndalama mwachinyengo iperekedwe ku ZICTA pa *707#. Ndipo admin asagwiritse nchito malamulowa kutseka pakamwa amene asiyana naye maganizo: kukamba kuti khansala walephera nchito ndi maganizo, kukamba kuti wapha munthu kumafuna umboni.

Ndidziwa chovuta chake. Wotumiza bodza nthawi zambiri ndi amalume, kapena amayi a m'kwaya, ndipo tinaleredwa kuti mwana satsutsa wamkulu. Koma ulemu suletsa kufunsa. "Amalume, nkhaniyi mwaitenga kuti?" ndi funso laulemu ndithu, ndipo lingapulumutse mwana wa munthu wina amene akuyenda usiku kuchokera ku nchito m'komboni mmene samudziwa. Mukakayikira, onani ngati a iVerify Zambia kapena nyumba yofalitsa nkhani yodziwika yalembapo. Ngati ndinu admin, lembani malamulo a gulu lanu lero, mphekesera ina isanafike.