Mvula yochuluka, madzi operewera

Mvula ikamagwa mwezi ndi mwezi, ambiri timayesa kuti nkhawa ya madzi palibe. Koma tiyeni tilingalire za Singapore, chilumba chaching'ono cha kummwera kwa Malaysia. Kumagwa mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, komabe kulibe mitsinje ikuluikulu kapena malo okwanira osungirako madziwo. Pomwe dzikoli linkaima palokha mu 1965, anthu ake sankakwana 2 miliyoni. Lero afika 6 miliyoni.

Kuyambira kale chilumbachi chimamwa madzi a mnansi wake. Pangano la mu 1962 limachilola kutunga magaloni 250 miliyoni patsiku mumtsinje wa Johor ku Malaysia, ndipo lidzatha mu 2061. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Mu 2016 chilala chinaphwetsa damu la Linggiu, lomwe limathira madzi mumtsinjewo, mpaka munatsala madzi okwana 20 peresenti yokha. Mu 2018 nduna yaikulu ya Malaysia, a Mahathir Mohamad, inadandaula poyera kuti mtengo wa m'panganolo ndi wotsika kwambiri.

Mwayi wake, atsogoleri a Singapore sanadikire masiku oipawa. Mu 2003 anayamba kugawa NEWater, madzi ochokera m'mabafa ndi m'zimbudzi omwe amayeretsedwa kotheratu, ndipo ambiri mwa madziwa amapita kumafakitale. Mu 2005 anatsegula fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja ku Tuas. Mu 2008 anatseka mathiriro a Marina kuti madzi a mvula yogwa mumzinda asathawire kunyanja. Lero madamu alipo 17.

Komabe nkhondoyi siinathe. Bungwe la madzi la PUB likuti pofika 2065 madzi ofunika adzachuluka pafupifupi kawiri. Kuchotsa mchere kumadya magetsi ambiri, choncho mtengo wa madzi unakwezedwa mu 2017, kenaka mu 2024 ndi 2025. Apa ndiye pagona funso la chilungamo: mtengo wokwera umaphunzitsa wolemera kusamala, koma umapsinja wosauka. N'chifukwa chake boma limachepetsera mabilu mabanja okhala m'nyumba zing'onozing'ono.

Tisaiwale chinthu chimodzi, abale. A Lee Kuan Yew, amene anaika mtima wonse pa nkhani ya madziyi, anamwalira mu 2015. Ankadziwa bwino lomwe kuti chaka cha 2061 sadzachiona, komabe anakumbira chitsime zidzukulu zomwe sadzazidziwa. Mdindo wokhulupirika amadziwika motero.